Inki Yofiira ya Mayi Koperani

Uthenga unawapeza Lolemba m'mawa ali pa siteji ya basi, zala zitachita kuuma ndi chisanu. Mayi Koperani anatsegula foni akuganiza kuti ndi ana kunyumba. Ayi, unali wochokera ku ofesi ya yunivesite. Ankawaitana kuti Lachinayi, teni koloko m'mawa, akaonekere pamaso pa akuluakulu atatu oona za mwambo, chifukwa ndime zinayi za chimangirizo chawo zinali zofanana mawu ndi mawu ndi za wophunzira wina. M'munsi mwake munali mawu awa: wopezeka wolakwa angathe kuchotsedwa sukulu, ndipo wochotsedwa sukulu chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chimathera pomwepo.

Basi inafika, inatsegula zitseko, inatsekanso n'kumapita. Iwo ali chiimire, maso ali pa foni.

Tsono muwadziwe kaye mayi amenewa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anaphunzitsa sitandade seveni kwawo, kalasi ya ana makumi asanu ndi anayi, mabuku asanu ndi limodzi okha, enawo opanda zikuto. Ndiye munthu ungaphunzitse bwanji? Ankatenga choko, kudzaza bolodi kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kutembenuka, kusasa fumbi m'manja, n'kunena liwu limodzi: "Koperani!" Dzina lawolo linachokera pamenepo, ndipo lenileni anthu analiiwala kalekale. Anawo ankakopera, kuloweza, pa mayeso n'kubweza mawu omwewo, ndipo ankakhoza. Makolo ankachita kunyengerera ahedi kuti ana awo alowe m'kalasi ya mayiwa. Kwa iwo chiganizo chabwino chinali ngati chitsime, wokumba ndi mmodzi koma akumwa ndi onse. Kumana mwana manotsi ankati ndi nkhanza.

Cholembera chofiira sichinkachoka m'tsitsi mwawo. Amuna awo, telala wa pamsika, amalumbira mpaka lero kuti kalata yawo yoyamba yofunsira mbeta inabwerera itachongedwa, pansi pake atalemba kuti "Yesaninso." Mayiwo amakana, koma amakana akuseka.

Mwayi wokaphunzira kunja chaka chimodzi utapezeka, ahedi anapukusa mutu. "Pa msinkhu wanuwu, mayi? Mukatha koma?" Telala anangokhala pa makina masiku atatu n'kusoka chijasi chachitali cha nsalu ziwiri, m'kati mwake n'kuikamo thumba lobisika losungiramo pasipoti. Amene anavuta ndi mwana wawo wachisamba, mtsikana amene ankayembekezera mayeso omaliza a sekondale. Uyu anakana kudya mpaka amayi ake atalonjeza.

"Ndikhala nditabwera," iwo anatero. "Tsiku loyamba la mayeso ndidzakuperekeza ndekha mpaka pageti. Ndalumbira."

Paja amati kwa eni kulibe mkuwe. Mzinda unawalandira ndi zii. Kupereka moni m'chikepe, anthu ankangoyang'ana nsapato zawo ngati wawatukwana. Basi sinkadikira munthu ngakhale dalaivala akuona kuti ukuthamanga ndi zikwama. Chitseko cha chipinda chawo chinkatseguka ndi khadi, ndipo sabata yoyamba chinawatsekera kunja kawiri ali ndi patapata yekha kumapazi. Khitchini inali imodzi ya anthu asanu ndi atatu, chilichonse m'firiji ndi pa alumali chitalembedwa dzina la mwini wake. Ngakhale mchere, abale, mchere! Dzuwa linkalowa folo koloko, munthu usanaganize n'komwe zoti waswera bwanji. M'kalasi namo munali zachilendo. Aphunzitsi awo, bambo wina wa ndevu, sankalemba kanthu pa bolodi. Ankangokhala pamphepete pa tebulo n'kumafunsa kuti, "Inu mukuganizapo bwanji?" Mayi Koperani ankatsegula kope n'kudikira manotsi, manotsi osabwera.

Sabata yoyamba yomweyo kunali msonkhano wofotokozera alendo malamulo a sukulu. Iwo anakwera basi ya mbali ina ya msewu, n'kukapezeka kumapeto kwa mzinda. Pofika anapeza anthu akutuluka. Mlembi anawapatsa mapepala asanu kuti asaine, iwo n'kusaina msangamsanga ndi manyazi, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Safunsa anadya phula.

Munthu woyamba kuwayankha moni anali mayi wa chipinda choyang'anana ndi chawo, wochokera dziko lina lakutali, wa kalasi yawo yomwe. Sankavula chipewa chake chaubweya ngakhale pophika, ndiye iwo anangomutcha Nachipewa. Anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka khumi, ndipo anasiya kamwana ka zaka zitatu m'manja mwa amayi ake. Ndi iyeyu anawaphunzitsa kugwiritsa ntchito makina ochapira, kuwasonyeza sitolo yotsika mtengo, ndi kuwauza kuti kuvala masokosi awiri si manyazi. Mchere wake sankaulemba dzina. Chimene chinkamusautsa ndi chilankhulo cha pasukulupo. Nzeru anali nazo, koma zikafika papepala zinkapiringizana ngati ulusi woseweretsa mphaka.

Loweruka lina masana anamupeza m'khitchini atazolika patebulo, mapepala ali mbwee, misozi ili chuchuchu. Chimangirizo chinkafunika Lolemba. Funso linali limodzi la kalasi yonse, ndipo Mayi Koperani anali atamaliza chawo dzulo lake.

"Mkulu wanga," anatero Nachipewa, "mungondiwerengerako. Mundiuze ngati zikumveka, basi."

Kungowerenga! Mphunzitsi wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri angowerenga? Tsamba loyamba anapirira. Pa tsamba lachiwiri, pamene mfundo inasochera, dzanja linapita lokha kutsitsi. Anayamba ndi kamzere, kenaka mawu awiri m'mphepete, kenaka anatembenuza pepala n'kulemba kuseri kwake ndime yathunthu. Ina. Inanso. Zinakwana zinayi, zomwe zija analemba m'chimangirizo chawo, pakuti mphunzitsi manotsi ake amawasunga pamtima. Atamaliza anakankhira mapepalawo kwa mnzawo, anasasa manja ngati muli fumbi la choko, n'kunena akumwetulira, "Koperani, mng'ono wanga."

Tsiku limenelo anayenda mopepuka. Chifikireni mumzindawo, aka kanali koyamba kumva kuti ndi munthu wofunika kwa wina.

Ndiye lero ndi izi. Chakudza sichiimba ng'oma.

Anabwerera kunyumba osapitanso kukalasi. Anagogoda pachitseko cha Nachipewa. Zii. Anagogodanso masana, n'kumva munthu akusuntha m'katimo, koma chitseko osatseguka. Lachiwiri chimodzimodzi. M'khitchini poto wa mnzawoyo anali chivundikirire, osakhudzidwa.

Lachitatu m'mawa anafukula mapepala asanu aja pansi pa sutikesi n'kuwawerenga koyamba, chala chikutsata mzere. Zonse zinali momwemo. Wokopera ndi womukoperetsa mlandu wawo ndi umodzi. Koma woba ntchito ya mnzake mwini wake osadziwa, ameneyo alibe kodandaula, amangochotsedwa sukulu. Anawerenga katatu. Poyamba anapsa mtima. Kuthandiza munthu wolira ukhale mlandu? Dziko lanji limeneli, lolemba dzina pa mchere ndi pa chiganizo pomwe? Koma mkwiyo sunakhalitse, mantha anaulanda malo. Anadziona akutsika ndege ndi sutikesi yomweyo, m'manja mulibe pepala. Anaona ahedi akuwalandira ndi nkhope yachisoni yabodza. Anamva ana a sitandade seveni akunong'onezana kuti Mayi Koperani anawathamangitsa chifukwa chokopera. Mayo, imeneyo ikanakhala nthabwala ya zaka makumi awiri!

Masana foni inalira. Anali telala, kumbuyo kukumveka phokoso la msika.

"Mayi a ana, mawu anuwo bwanji? Mwadwala?"

"Ayi, bambo, ndi chisanu chabe."

"Chisanu chimaloweranso m'mawu? Chijasi changa chija mukuvala koma?"

"Ndikuvala."

Mwana wachisamba analanda foni. "Amayi, ndawerengera pa kalendala. Kwatsala masabata khumi ndi anayi mubwere. Diresi lodzandiperekezera adadi ayamba kale kudula."

"Chabwino, mwanangu. Uziwerenga." Anadula foni msanga.

Lachinayi podzuka anaponda chinthu pakhomo. Anali mapepala a Nachipewa aja, wina atawalowetsa kunsi kwa chitseko. Inki yofiira inali psuu kuseri kwa tsamba lililonse, dzanja lawo lenileni lopendekera kumanja. Pamwamba panali kapepala kolembedwa ndi pensulo: "Tayani izi. Mukanene kuti simukudziwa kanthu."

Anathamangira kuchitseko cha mnzawoyo. Chinali chokhoma, mwini wake atachoka kale.

Anapinda mapepalawo n'kuwaika m'thumba lobisika la chijasi. Kuchokera panyumbapo kukafika ku ofesi pali mabini a zinyalala atatu, ndipo tsiku limenelo anawawerenga onse. Pa loyamba, la pakhomo, anati pali anthu ambiri. Pa lachiwiri, la pa siteji, anaima mpaka dzanja linalowa m'chijasi, koma basi inatulukira. Lachitatu linali pafupi ndi chikepe cha ku ofesi komweko, lotsegula kukamwa ngati likuwaitana. Anaima pamenepo. Chikepe chinatseguka, munthu wina anawagwirira chitseko, iwo n'kulowa mapepala ali m'thumba.

Chipindacho chinali chaching'ono, chofunda mopitirira muyeso. Kuseri kwa tebulo kunali anthu atatu: wapampando amene anali mayi wa imvi wovala magalasi, aphunzitsi awo a ndevu aja, ndi mlembi amene sankadzutsa mutu. Patebulo panali zimangirizo ziwiri zitagonekedwa pamodzi, ndime zinayi zitapakidwa utoto wachikasu. Mayi Koperani anaimirira manja ali kumbuyo mpaka atauzidwa kawiri kuti akhale. Chijasi sanavule.

"Sitikuchedwetsani," anatero wapampando. "Mnzanu tamufunsa kale nayini koloko. Wavomera kuti anapeza chimangirizo chanu patebulo la m'khitchini inu mutachokapo, n'kuchijambula ndi foni. Akuti inu simunadziwe. Ngati zili choncho, inu mulibe mlandu. Tikungofuna mutitsimikizire."

Ndiye n'chifukwa chake Nachipewa sankatsegula chitseko! Masiku atatu onsewo mwana wa eni anali m'katimo kuluka bodza lodzipha nalo yekha.

"Nanga iyeyo zimuthera bwanji?" anafunsa Mayi Koperani.

"Zimenezo si zanu," anatero wapampando. Kenaka anavula magalasi. "Koma malamulo mukuwadziwa. Woba ntchito ya mnzake sakhala pano."

Mlembi anaimitsa zala pamwamba pa kompyuta, akudikira. Liwu lofunika linali limodzi lokha, ndipo linali liwu limene Mayi Koperani analizolowera moyo wawo wonse. Inde, ahedi. Inde, bwana. Inde, malume. Munthu wamkulu akakufunsa mokutsegulira njira, umangodutsa. Anaona geti la sukulu kwawo, m'mawa, mtsikana wawo atanyamula rula ndi zolembera, iwo ali pambali pake m'diresi latsopano. Anachifuna chimenecho, anachifuna ndi mtima wonse. Ndipo Nachipewa mwini wake ndi amene anawapempha kuti atero. Ndani akanawadzudzula?

Koma anaonanso kamwana kaja ka pa foni ya mnzawo, ka zaka zitatu zokha, kamene tsiku lililonse kankafunsa kuti amayi abwera liti. Amayi ake abwera ndithu, sabata ino, ndi dzina la wakuba. Wakuba chiyani? Anaba liti, pamene munthu anangopempha kuti amuwerengere?

"Mayi?" anatero aphunzitsi a ndevu. "Mwamva funso?"

"Ndamva."

Anamasula mabatani a chijasi. Anatulutsa mapepala aja, anawawongola pabondo, n'kuwapereka ndi manja awiri.

"Sanabe kanthu. Anandipempha kuti ndingowerenga. Dzanja ili ndi langa, cholembera n'changa, ndipo ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti akopere."

Wapampando anavalanso magalasi n'kutembenuza masamba, limodzi limodzi. Kufiira kwake kunkaoneka ngakhale uli pakhomo.

"Chifukwa chiyani munachita zimenezi?"

"Ndi mmene ndaphunzitsira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ana makumi asanu ndi anayi, mabuku asanu ndi limodzi. Ine ndimalemba, iwo amakopera. Ndinaona munthu akulira, ndinachita chimene ndimadziwa."

"Koma munasaina malamulo athu," anatero a ndevu.

"Ndinasaina osawerenga. Akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga ndikanamukoka khutu."

Palibe anaseka. Mlembi ankangolemba. Wapampando anawauza kuti akadikire panja.

Pa benchi ya m'khonde panali Nachipewa, chipewa atachikokera mpaka m'maso. Atangoona mabatani omasuka a chijasi anadziwa.

"Mwawapatsa?" anafunsa monong'ona. "Mkulu wanga, mwachitiranji? Ine ndinali nditapita kale. Tsopano tipita tonse awiri!"

"Unafuna ndikwere ndege ndi pepala logula ndi dzina lako? Ndikanalipachika pakhoma liti?"

"Nanga mwana wanu?"

Mayi Koperani anamanganso mabatani a chijasi. Anakhala kumapeto ena a benchi, aliyense akuyang'ana khoma. Wotchi ya m'khondemo inayenda mphindi makumi anayi, ndipo iwo anaimva iliyonse.

Atawaitana, anawaitanira pamodzi. Wapampando anawerenga chigamulo osakweza mawu. Onse awiri ziro pa chimangirizocho. Onse awiri chenjezo lomaliza, ndipo Nachipewa anadzudzulidwa padera chifukwa cha bodza. Phunzirolo adzalibwereza teremu yotsatira, kutanthauza miyezi ina itatu pamwamba pa chaka chawo. Koma asanaloledwe kubwereza, pakatha sabata ziwiri adzalemba chimangirizo china m'chipinda chotseka, woyang'anira ali pomwepo, kuti aliyense aonetse za m'mutu mwake. Wolephera pamenepo ulendo wa kwawo.

Miyezi itatu. Mayi Koperani sanafunikire kalendala kuti adziwe pamene mayeso a mwana wawo akugwera.

Anaimba foni masana omwewo, ali pa siteji, asanataye mtima. Anayankha ndi mtsikanayo. Anamuuza zonse, osakometsera.

"Munalumbira, amayi."

"Ndinalumbira, mwanangu. Ndalakwa ndine. Ndapeza ziro."

Kunamveka kupuma kokha, kenaka foni ikuikidwa pathabwa. Patapita nthawi anaitola telala, amene anamva zonse ali pa makina.

"Ndiye pansi pa ziroyo alembapo chiyani, mayi a ana?"

"Akuti ndilembenso."

"Oho, 'Yesaninso.' Mawu amenewo ndimawadziwa. Ine ndinayesanso, ndipo sindinadandaulepo." Anakhosomola pang'ono. "Pageti ndidzamuperekeza ndine. Diresi lidikira."

Iwo anaseka misozi ikutsika, anthu a pa siteji n'kumayang'ana kumbali. Koma mtsikanayo sanabwerenso pa foni tsiku limenelo, ngakhale sabata yonseyo, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa ziro.

Tsiku lolemba linafika. Pakhomo pa chipinda panali kadengu koikamo mafoni. Woyang'anira, bambo wamtali wosamwetulira, analoza kutsitsi kwawo. Iwo anazula cholembera chofiira chija n'kuchiponya momwemo, n'kulandira chakuda. Madesiki anali awiri okha, lawo kutsogolo, la Nachipewa kumbuyo chakumanzere. Maola atatu.

Funso silinawavute. Analemba tsamba loyamba, lachiwiri, koma khutu limodzi linali kumbuyo. Mphunzitsi amadziwa kalasi yake ndi makutu, ngakhale atafulatira. Ankamva cholembera cha mnzawo chikukwekwesa pang'onopang'ono, kuima, kufufuta, kuyambanso. Ola lachiwiri lili pakati, chinaima osayambanso.

Anadikira. Zii. Anamva mpando ukulira, kenaka kupuma kuja kwa munthu amene akulimbana ndi misozi. Ankadziwa pamene wakodwa, pomwe paja mfundo imamuthawa ikafuna kulumikizana ndi inzake. Ndipo chiganizo chomumasula anali nacho, chathunthu, chili kale pa lilime. Mawu asanu ndi awiri okha. Woyang'anira anali akuyang'ana pawindo.

Khosi linayamba kutembenuka lokha. Analibweza. Anaika cholembera pansi, anakhalira manja onse awiri, n'kuluma mlomo mpaka anamva kukoma kwa magazi. Anayang'ana wotchi. Mphindi imodzi. Zitatu. Zisanu. Chiyambireni uphunzitsi sanamvepo mwana akumira kumbuyo kwawo iwo n'kukhala chete, ndipo thukuta linatsika mumsana ngakhale kunja kunali chisanu. Mumtima ankangoti, lemba mng'ono wanga, lemba zako zokhotazo, lemba.

Pa mphindi yachisanu ndi chitatu anamva pepala likutembenuzidwa. Kenaka kukwekwesa kuja kunayambanso, kochedwa, kokayikira, koma osaima.

Mayi Koperani anatulutsa manja atachita dzanzi, anawapukuta pa chijasi, n'kutola cholembera chakuda kuti amalize tsamba lawo.